Ndinakana Kugwira Lole

Sindikumbukira chaka chimene tinanyamuka. Anzanga amati unali ulendo wa masabata atatu, koma ine ndinaona mango akuchita maluwa kawiri tili panjira, ndipo nsapato zimene ndinavala ponyamuka zinathera m'njira momwemo.

Tinali atatu. Damiyano ndi Layisoni anali akabaza, onyamula anthu panjinga zakapalasa, pasiteji ya m'tauni ina ya kumadzulo, pamene mtsinje waukulu umalekanitsa dziko lathu ndi la eni. Ine ndinali nditamaliza sekondale koma ntchito inali isanandione. Ndinkaswera pabenchi la pasitejipo, osayankhula ndi munthu, kumangoona okwera ndi otsika. Ankanditchula kuti a Fomu Folo, osadziwa kuti dzinalo linkandibaya. Pamayeso omaliza panadutsa likasa, kapepala ka mayankho, kuchokera kumbuyo kwa holo, ndipo katafika pa ine sindinakakane. Satifiketi inabwera yokongola. Ndinaiika pansi pa sutikesi ndipo sindinaonetse munthu. Panalibe chinthu padziko chimene ndikanaloza n'kunena kuti ichi ndinamaliza ndekha.

Kenako pasiteji panabwera njinga zamoto. Eni ake anatenga mthunzi wonse, anatenga makasitomala, anatenga ndi nthabwala zomwe. Ankati njinga yopalasa malire ake ndi kuchigayo. Tsiku lina mmodzi wa iwo anauza Damiyano pamaso pa anthu kuti akapachike njinga yake kudenga, adzukulu adzaionere. Damiyano anatenga njinga yake n'kupita kwawo. M'mawa mwake anabwera ndi mawu akuti iye apalasa kuchokera pamadzi a mtsinje uno mpaka pamadzi amchere, kumene dziko limathera, ndipo Layisoni apita naye. Ankafuna wachitatu wodziwa kuwerenga zikwangwani za m'njira. Anayang'ana pabenchi.

Njinga yanga inali ya malume, yakalekale, yolemera ngati chitseko cha golosale. Layisoni ataiona anafunsa ngati ndinaipeza ndi mwini wake yemwe kumanda. Tili chiimire m'mphepete mwa mtsinje, Damiyano anaika lamulo limodzi. Njinga tikhoza kuikankha, tikhoza kuisenza paphewa, koma mphamvu ya injini isalowepo paliponse. Wothandizidwa ndi injini, ngakhale akasambe m'madzi amcherewo, sanafike. Tonse tinavomera. Ine ndinavomera ndi mutu wokha, koma ndikuganiza kuti ndine amene ndinalimva kwambiri.

Mudzi woyamba umene ndikuukumbukira unali wa minga. Dzuwa lisanafike pamutu, tayala langa linali litaphwa katatu. Pansi pa mkuyu panali bambo womata machubu, ali ndi beseni la madzi akuda. Sanatifunse kumene tikuchokera. Anakana kundimatira, nandipatsa chubu changa m'manja n'kuloza beseni. Anati achinyamata amathamangira thovu loyamba n'kumata pamenepo, pamene bowo lachiwiri likuwaseka cha kuseri. Ndimize chonse, pang'onopang'ono, mpaka ndibwerere pomwe ndayambira. Ndinakhala naye masiku amene sindinawerenge. Ndinaphunzira kupala chubu ndi mwala, kudikira guluu mpaka asiye kunyezimira, ndi kutsindira udzu m'tayala tsiku limene chubu chakana zonse.

Ndi pamkuyu pomwepo pamene lole inandipeza koyamba. Inali itadzaza matumba a chimanga, injini ili chilirire. Dalaivala wake, bambo wathupi wa thaulo pakhosi, anasuzumira pawindo n'kuyang'ana miyendo yanga.

"Kwezani kanjingako, achimwene. Kumene mukupitako si kwa miyendo ngati imeneyo."

Ndinapukusa mutu. Anaseka n'kunena kuti tidzakumananso, msewu ndi umodzi.

Titachoka kumeneko zitunda zinayamba. Chitunda chilichonse chinkabisa chinzake kumbuyo, ndipo pamwamba pa chilichonse pankakhala kamsika ka nzimbe ndi nthochi, kofanana ndi kamene tasiya dzulo. Anzanga ankandisiya pansi pomwe. Ndikafika pamwamba, lilime lili kunja, ndinkawapeza atakhala pamthunzi akutafuna nzimbe, makoko ataunjikana kale pambali. Ndinkati ndi akatumba a zaka zambiri pasiteji. Koma munthu wosayankhula amakhala ndi nthawi yoyang'ana. Malaya awo ankakhala ouma kumsana. Chikhatho cha kumanja cha Damiyano chinali ndi mzere wofiira wa dzimbiri, cha Layisoni chimodzimodzi. Akasendera pafupi, ankanunkha utsi wa dizilo.

Tsiku lina msewu unakhota motsatira phiri, ndipo ndinawaona kutsidya kwa chigwa. Lole inkakwawa pachitunda ngati fulu, ndipo kumbuyo kwake kunali anzanga awiri, aliyense dzanja limodzi pachiwongolero, linalo litagwira tcheni cha kumbuyo kwa loleyo. Mapazi awo anali phee pamapedulo.

Nditafika pamwamba ndinakhala pansi osatenga nzimbe imene anandisungira. Ndinkangoyang'ana dzanja la Damiyano mpaka analibisa pansi pa ntchafu.

"Yankhulani, a Fomu Folo, m'kamwa munganunkhe," anatero Layisoni.

Ndinati ndawaona.

Damiyano anayamba kufotokoza mofatsa, ngati munthu wokambirana mtengo ndi kasitomala. Anati bondo lake linatha kalekale ndi kunyamula amalonda onenepa ndi mabasiketi awo. Anati kabaza aliyense padziko amagwira lole pachitunda, ngakhale agogo ake ankagwira. Anati a njinga zamoto kuno kulibe, angaone ndani. Layisoni anawonjezera kuti lamulo tinaumba tokha, tingathe kulipinda tokha, ndipo kutcheni kuja kuli malo a dzanja lachitatu. Sankanena mwankhanza. Ankandimvera chisoni, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa. Ndinakumbukira mmene kapepala kaja kanafikira m'manja mwanga, kofunda ndi manja a ena, nayenso mnzanga wapambali akundimwetulira mwachifundo chomwecho.

"Ine ndipalasa," ndinatero.

Layisoni anati ndipalase ndithu, iwo azindisungira nzimbe.

Kuyambira pamenepo tinkayenda ngati anthu a maulendo awiri. Mamawa tinkanyamukira limodzi, lole yoyamba ikatulukira iwo ankailondola, ine n'kutsala ndi kulira kwa tcheni changa. Ndinaphunzira kukwera chitunda mokhotakhota, kuchoka mbali ino kupita mbali iyo, ngati munthu wosoka. Ndinaphunzira kusayang'ana pamwamba. Ndinkasankha mwala umodzi patsogolo, ndikaufika n'kusankha wina.

Kamodzi kokha ndinawapeza panjira. Pachitunda china chachitali panali masamba atayalidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro m'mudzimo. Pamasamba otero wanjinga aliyense amatsika, amavula chipewa n'kuyenda wapansi mpaka atapitirira. Anzanga anafika pamenepo ali chigwirire tcheni, ndipo panalibe kuchitira mwina. Anataya tcheni, natsika, lole n'kumapita yokha. Pamene ndinkawapeza anali atapitirira masamba, akukankha njinga zawo pakati pa chitunda, thukuta lili kamukamu. Ndinatsika, ndinavula chipewa, ndinayenda mpaka masamba atatha, kenako ndinakweranso. Ndinawadutsa pang'onopang'ono, tcheni chikulira. Tsiku limenelo nzimbe ndinawasungira ndine. Damiyano anaseka mpaka kutsokomola, koma Layisoni sanadye.

Tinaoloka malire amodzi, kapena awiri. Mitengo inasintha, nyumba zinasintha madenga, ndipo zikwangwani zinayamba kulembedwa m'chinenero chimene kusukulu sitinachione. Ndinkaima patsogolo pake n'kumatchula zilembo, osamva kanthu. M'tauni ina ya fumbi lofiira, chitsulo cha pansi pa chishalo changa chinang'aluka, njinga n'kuyamba kugwedera ngati dzino.

Anatilozera kwa mayi wina wowotcherera zitsulo, wovala magalasi akuda omangidwa ndi waya. Ankadziwa mawu ochepa a kwathu, amene anaphunzira kwa mwamuna wake woyamba. Anati magetsi kulibe, ndipo sakudziwa tsiku lobwera. Ndikafuna kudikira, ndidikire ndi nyundo m'manja. Ndinayamba kumuthandiza kukhoma mbaula za makala kuchokera ku zidutswa za migolo. Anandiphunzitsa kudula mozungulira osasiya mano, ndi kupala dzimbiri mpaka chitsulo chiyere, chifukwa moto sulumikiza zinthu zauve. Mvula inabwera n'kupita. Mbaula zanga zoyamba zinkatsimphina, zotsatira zinayamba kuima.

Anzanga anadikira masiku angapo. Kenako Layisoni anabwera pakhomo la mayiyo, njinga ili m'manja, nanena zimene anali atasunga nthawi yaitali. Anati ananditenga kuti ndiziwerenga zikwangwani, tsopano zikwangwanizo zandikana, nanga akundidikirira chiyani. Anati ulemu wanga wosagwira lolewu ukuwadyera masiku, ndipo kwawo anasiya ana. Sindinamutsutse, chifukwa sanali kunama. Ndinayang'ana Damiyano. Iye ankayang'ana tayala lake lakutsogolo, akulipapasa ndi chala ngati laphwa. Onse awiri ananyamuka m'mawa mwake, ine ndili pakati pokhoma mbaula.

Magetsi atabwera, mayi uja anayang'ana mng'alu uja nati pakufunika chitsulo chophatikizapo, ndipo iye alibe choyenera. Anazungulira njinga kamodzi, natenga sowo n'kudula kaliyala, kampando kakumbuyo kamene amalume ankanyamulirapo amayi kupita kutchalitchi. Anaphatika chidutswa chake pamng'alupo, moto n'kuchita ntchito yake. Chotsala anaponya pamulu wa zitsulo. Kathumba kanga ndinakabereka kumsana.

Potuluka m'taunimo lole inali itaima pafupi ndi mjigo, injini ili chilirire. Ulendo uno inanyamula mbuzi, koma thaulo linali lomwe lija.

"Anzanu ndawaona kutsogoloko, achimwene. Kwerani ndikakutuleni pomwe ali. Ine sindiulula, mbuzizinso siziyankhula."

Mawu anatuluka okha, ochuluka kuposa amene ndinali nditayankhulapo kwa mlendo. "Pitani, bambo. Mbuzi zanu zikupsa ndi dzuwa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, napukuta kumaso ndi thaulo, n'kulowetsa giya.

Za nthawi imene ndinayenda ndekha ndilibe zambiri zonena. Midzi inkabwera n'kupita, uliwonse ndi chitsime chake ndi mayi wake wondipatsa madzi m'chikho osafunsa kanthu. Ndinkamata machubu a anthu pansi pa mitengo, iwo n'kundipatsa chinangwa. Belu linagwa penapake, sindinabwerere. Mphira za mabuleki zinatha, ndinadula zina kutayala lakale, nazonso zinatha, kenako tizitsulo take tinathyoka. Ndinayamba kuimitsa njinga ndi phazi, kuliponda patayala lakutsogolo. Nsapato zinabooka, ndiye mapazi anayamba kung'ambika. Ndinawakulunga ndi nsanza. Kupalasa ndinkatha, chidendene chili papedulo, koma kuyenda pansi kunali ngati kuponda makala. Malole ankandidutsa tsiku lililonse, matcheni awo akulendewera pafupi ndi phewa langa, pafupi kwambiri moti kutambasula dzanja kokha kukanakwana. Manja anga onse awiri ankakhala pachiwongolero, ndipo nthawi zina ndinkawayankhula ngati agalu ofuna kuthamangira nyama ya eni.

Mphepo inayamba kusintha fungo. Tsiku lina mamawa ndinakwera chitunda chimene kumbuyo kwake kunalibe chinzake. Pamwamba pake dziko linatseguka, ndipo kutali kwambiri, pansi, panali mzere wobiriwira umene sunali thambo.

Pansi pa mtengo, m'mbali mwa msewu, panali njinga ziwiri ndi anthu awiri a ndevu. Panali mafuwa akuda ndi phulusa la masiku ambiri. Layisoni anaimirira msanga nanena kuti ndisaganize kuti amadikira ine, tayala lake ndilo linavuta. Ndinaliyang'ana tayalalo. Linali lolimba ngati dzungu. Damiyano anangoti kuchoka pamenepo kufika kumadzi ndi theka la tsiku, ndipo m'mawa uliwonse ankati atsike, koma miyendo inkakana.

Kenako anaona njinga yanga, naona mapazi anga, nkhope yake n'kusintha. Msewu wotsikira kunyanja unali mtsetse wokhawokha, wokhotakhota, phompho lili kumanzere. Wopanda mabuleki sakanafika pakona yachitatu. Kukankha njinga mpaka pansi, ndi mapazi amenewo, sindikanatha. Damiyano anayesa kumasula mabuleki ake kuti andiikire, koma ake anali a waya, anga a tizitsulo, sizinagwirizane.

Tili pomwepo lole inafika n'kuima, yopanda katundu, ikupita kukatenga mchere. Dalaivala wa thaulo anatsika, koyamba chikumanireni, ndipo sanaseke. Anayang'ana mapazi anga nati wandiona chitunda chilichonse, palibe amene angandinene kanthu. Layisoni anandigwira paphewa.

"Mphwanga, uku si kubera. Zitunda zonse wamaliza. Kwatsalaku ngakhale mwala ukhoza kutsika wokha."

Damiyano anati akafika kwathu adzalumbira pamaso pa siteji yonse kuti ndinapalasa mpaka m'madzi. Anati sakufuna kukauza amayi anga kuti ndinathera kuphompho chifukwa cha lamulo lopusa limene iye mwini analephera kusunga.

Onse atatu ankanena zoona, ndipo ankandifunira zabwino. Ndinayang'ana kumbuyo kwa loleyo, kopanda kanthu, kosesedwa bwino. Ndinati ngati mwala ukhoza kutsika wokha, nanenso nditsika ndekha, ndipo ngati palibe njira lero ndikhala pano mpaka mapazi apole. Layisoni anatukwana pang'ono n'kukakhala pamafuwa. Dalaivala sananyamuke. Anati adikira, anthu amasintha maganizo akaona phompho bwinobwino.

Posakhalitsa panafika anthu a makala, asanu, njinga iliyonse itasenza matumba atatu. Anaima pamwamba pomwepo monga anthu ochita zimene amachita tsiku lililonse. Aliyense anasolola chikwanje, nalowa patchire, n'kutuluka akukoka nthambi yaikulu ya masamba. Ankaimangirira ndi chingwe kumbuyo kwa njinga, kuti izikhwekhwereza pansi. Ndinaona kuti pa njinga zisanuzo, zitatu zinalibe mabuleki.

Ndinapita kwa wamkulu wawo motsimphina, ndinaloza njinga yanga, ndinaloza nthambi yake. Chinenero chathu sankachidziwa, nanenso chake sindinkachidziwa. Anandinyamula m'khwapa pang'ono ngati akuyeza thumba, nayeza njinga, n'kupereka chikwanje kwa Layisoni. Nthambi yoyamba imene Layisoni anabwera nayo, mkuluyo anaiponda n'kuikana, inali youma. Yachiwiri anaikananso, inali yaing'ono. Yachitatu Layisoni anapita kukadula awiri ndi Damiyano, yaiwisi, yolemera, ya masamba ambiri. Mkuluyo anaimanga pansi pa chishalo, pachigamba chomwe chija cha mayi wa mbaula, chingwe chachifupi kuti isakodwe m'masipoko. Anandionetsa ndi thupi lake kuti pakona ndisapendeke kwambiri, nthambi imakoka mbali yake. Kenako anakwera njinga yake n'kutsika, anzake pambuyo, fumbi lili tolo.

Ndinakwera. Poyamba nthambi inandigwira kwambiri moti ndinachita kupalasa, kenako mtsetse unanditenga. Kumbuyo kwanga kunkamveka ngati mvula ikubwera. Pakona yoyamba nthambi inandikokera kuphompho, ndinaona nsonga za mitengo pansi pa phazi langa, ndipo ndinakumbukira kuongoka mochedwa pang'ono, koma ndinaongoka. Pakona yachiwiri ndinali nditaidziwa. Masamba ankathothoka, ndipo akamachepa liwiro linkakula.

Ndiye ndinamva hutala. Lole inali itanyamuka pambuyo pathu, ndipo msewu unali wopapatiza. Ikanandidutsa ikanandikankhira kumphepete, kumene kunali miyala yoterereka. Ndinacheuka kamodzi. Damiyano ndi Layisoni ankatsika moyandikana pakati penipeni pa msewu, mmodzi uku wina uku, mabuleki akulira, nkhope zitayera ndi fumbi la nthambi yanga. Lole inali kumbuyo kwawo ngati ng'ombe yotsekeredwa pachipata. Malole ena anafika n'kuima pamzere, mahutala onse n'kumalira. Anzanga sanapatuke. Ndinamva Layisoni akukuwa kuti ndiyang'ane kutsogolo, a Fomu Folo inu, za kumbuyo kuno n'zawo.

Tinatsika choncho theka la tsiku. Pamene msewu unkagona, nthambi inali itasanduka ndodo yopanda tsamba ndi limodzi lomwe. Tinadutsa migwalangwa, nyumba za makoma oyera, maukonde atayanikidwa, mpaka phula linatha, matayala n'kumira mumchenga. Ndinapalasa mumchengamo mpaka njinga inaima yokha, madzi akunyambita tayala lakutsogolo. Dzuwa linali likadali pamwamba. Ndinatsitsa phazi limodzi, mchere unalowa m'mabala, ndipo ndinaluma mlomo osalichotsa.

Pafupi panali mayi wina akuyanika nsomba pathandala. Atamva Layisoni akutukwana mchenga umene unalowa m'tcheni, anadzuka n'kutipatsa moni m'chinenero chathu. Anati iyenso ndi wa kumtunda, anabwera kuno ndi banja kalekale. Anafunsa kumene tachokera, ndipo Layisoni atatchula mtsinje waukulu wa kumadzulo, mayiyo anagwira pakamwa.

"Mtunda wonsewo? Nonse atatu, panjinga?"

Layisoni anatsegula pakamwa, koma Damiyano anamugwira mkono. Anapukuta fumbi kumaso, naloza ine ndi chibwano.

"Wabwera panjinga ndi uyu, mayi. Ife tangomuperekeza."